Mutu 4: Zikhomo za Mlombwa

1. Nyumba ya achemwali

Nyumba ya Stelia idali yokhayo ya malata pabanja lawo, m'mudzi wa kumapiri cha ku Dambe. Mwamuna wake, Clifford, adaimanga asanapite ku Joni kukasaka ntchito. Njerwa zidali zowotcha, koma adamangira matope chifukwa simenti idathera m'maziko. Za pulasitala adati adzaona akadzabwera. Nyumba zotere zimakhala zaka zambirimbiri, bola madzi a padenga asamatsikire pakhoma.

Chaka chimenecho Stelia adali ndi pakati. Masiku atayandikira, adapita kukadikirira ku chipatala cha Dambe pamodzi ndi amayi ake, a Falesi. Pakhomo padatsala mng'ono wake Tionge, mtsikana wa Fomu 3. Tsidya la njira kudali nyumba ya amalume awo, a Gerishon.

A Gerishon adali mmisiri womanga nyumba. Magata, tija timakwawa ta pulasitiki tolandira madzi m'mphepete mwa denga, adali atawaika kale panyumba ya Stelia. Chidatsala n'kumangirira kukhoma mapaipi awiri otsitsira madziwo m'migolo, paipi ina kumaso, ina kuseri. Koma asanatero adagwa pa njinga yamoto ya kabaza, ndipo mkono wawo wamanja udali m'chikhakha.

"Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mozambiki uko," adatero tsiku lina. "Mchemwali wako akabwera ndi khanda, chikuta chake chidzakhala chipinda chakuseri chija. Chipinda chimenecho chikhale chouma. Ine mkono ndilibe, Tionge. Manja anga ukhala iwe."

Tionge adakondwa kwambiri. Kuyambira ali wamng'ono ankatsatira amalume akewo kuntchito, ndipo nyundo ankaigwira bwino kuposa anyamata ambiri. A Gerishon ankamunyadira poyera, mpaka a Falesi ankadandaula kuti mwana wawoyo adzakwatiwa ndi makwerero.

2. Chingwe ndi mwala

Loweruka m'mawa adayamba ndi paipi ya kumaso. A Gerishon adabwera ndi kathumba ka zikhomo, timitengo ta mlombwa totalika ngati chala. Adazisema okha ndi dzanja lamanzere, mtengo atauponda ndi phazi. Chala chawo chakuphazi chidali chomanga kansanza chifukwa mpeni udaterereka.

Adauza Tionge kuti akwere makwerero, amange chingwe pakamwa pa gata, ndipo kunsi kwa chingwecho alendewetse mwala. Chingwe chitaleka kugwedera, Tionge adalemba mzere pakhoma ndi khala.

"Tsopano tamvera," adatero a Gerishon atakhala pa chitsa. "Diso limanama, chingwe sichinama. Paipi ikapendekera ngakhale pang'ono, kulemera kwa madzi kumaikoka mpaka imazuka pakamwa pa gata. Ukainyamula panopa ukuti n'kanthu kopepuka, eti? Dikira idzaze madzi.

"China n'chakuti khoma ili ndi lomangira matope. Pakati pa njerwa m'pofewa, msomali umalowa ngati m'papaya. Waulesi amakhoma pamenepo, n'kusasa m'manja kuti wamaliza. Koma matope akanyowa amalavula msomali. Iwe uziboola njerwa yeniyeniyo ndi chitsulo ichi, pang'onopang'ono kuti isasweke. Ukatero ukhomemo chikhomo, kenako msomali wa chogwirira paipi ulowe m'chikhomomo. Mtengo ukanyowa umafufuma. Mvula ikamakula, chikhomo chimagwiritsa.

"Ndipo usaiwale ichi. Nyumba yopanda gata ili bwino kuposa nyumba ya gata lomwe paipi yake yazuka. Popanda gata madzi amagwa mobalalika. Koma ife tawasonkhanitsa, madzi a denga lonse, kuti adutse pamalo amodzi. Tikawasonkhanitsa n'kuwasiya okha, ndiye kuti tawalozera pogumula."

"Ndamva, amalume."

Ntchitoyo idali yochedwa ndithu. Njerwa zinkalimba, fumbi lofiira linkalowa m'maso, ndipo m'manja mwa Tionge mudatuluka matuza. Koma pomwe dzuwa linkafika paliwombo, paipi ya kumaso idali itaima njii. A Gerishon adaigwedeza ndi dzanja lamanzere, osasuntha m'pang'ono pomwe.

"Eyaa! Ili ndiye dzanja la kwathu," adatero akumwetulira.

Nthawi yomweyo foni yawo idalira. Kudali kutagwa maliro kumudzi kwa akazi awo, ndipo uthenga wotere munthu sazengereza nawo. Adapatsa Tionge kathumba ka zikhomo zotsala.

"Yakuseri uchite chimodzimodzi. Usathamange. Khoma limenelo ndi lomwe mvula imaomba."

3. Lole ya kachewere

Tionge adangoimika kumene makwerero kuseri kwa nyumba pomwe adamva wina akumuitana. Adali Deliwe, mnzake wa kusukulu, ali wefuwefu, atavala kale yunifomu ya mpira wa manja.

"Iwe! Ukadali pamwamba? Masewera aja a ku Magaleta awabweza, ndi lero masana ano. Aphunzitsi apempha malo pa lole ya kachewere, ikudikira pamsika."

"Lero? Suja anati sabata ya mawa?"

"Zasintha basi. Tiye! Popanda iwe atimwetsera zigoli ndani?"

Tionge adayang'ana khoma, n'kuyang'ana Deliwe. Chaka chonse adakonzekera masewera amenewa, ndipo chaka chatha atsikana a ku Magaleta adawaimba nyimbo yowanyoza mpaka kumsewu.

Njira zabwino zidalipo ziwiri. Akadatha kutsala n'kumaliza ntchito. Akadathanso kupita, paipi n'kuisiya pansi, amalume akabwera n'kuwauza kuti sanamalize. Koma kutsala kudamuwawa, ndipo kunena kuti sanamalize kudamuchititsa manyazi. Choncho Tionge adatenga njira yachitatu, yomwe imaoneka yaifupi munthu akamailowa.

"Tandigwirira makwererowa," adauza Deliwe.

Chingwe ndi mwala adazisiya pansi. Adalowetsa paipi pakamwa pa gata, n'kuyamba kukhoma zogwirira m'mizere ya matope pakati pa njerwa. Zoonadi misomali inkalowa ngati m'papaya. Poti mizereyo siyenderana kuyambira kumwamba mpaka pansi, paipi idatsatira komwe misomali idafuna, ndipo kunsi kwake kudapendekera chakumanzere.

"Yawongoka?" adafunsa Tionge ali pamwamba.

"Ngati mtengo wa mbendera wa kusukulu! Tsika, atisiya!" adayankha Deliwe, maso ali kunjira.

Tionge adatsika. Kathumba ka zikhomo adasowa pokasiya, chifukwa paliponse amalume akadakaona. Adakaponya pansi pa chikwama chake cha mpira, n'kuthamanga.

Ku Magaleta adasewera ngati alibe mafupa. Mpira uliwonse womwe adaponya udalowa, ndipo anzake adamunyamula m'mwamba masewera atatha. Pobwerera adakhala pa matumba opanda kanthu, akuimba mpaka mawu kusasa. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

4. "Eya, amalume"

Tionge sadaiwale ayi. Adadziuza kuti mawa azula misomali ija n'kukonza bwinobwino. Koma mawa lakelo lidali Lamulungu, ndipo pamudzipo nyundo siilira tsiku limeneli. Lolemba adabwera ku sukulu atatopa. Lachiwiri matuza aja adali akuwawabe. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

A Gerishon adabwerako kumaliro Lachitatu masana. Asanalowe n'komwe m'nyumba mwawo, adadzera kwa Stelia.

"Kodi yakuseri ija inatheka?"

"Eya, amalume."

"Chingwe unagwetsa?"

"Eya."

"Zikhomo zinakwana?"

"Zinakwana, amalume."

"Tiye ndikaione."

Koma asanazungulire ngodya ya nyumba, kudamveka nthungululu kunjira. Njinga ziwiri za kabaza zidali zikukwera chitunda. Pa ina padali Stelia, pa ina a Falesi atafungata kanthu m'bulangete. Amayi a pamudzi adathamangira komweko, ndipo paipi idaiwalika.

Kuyambira ola limenelo, kuseri kwa nyumba kudasanduka kwa amayi okhaokha. Kumeneko n'komwe ankasambitsira mchembere ndi kuyanika nsalu zake, ndipo mwamuna aliyense wolemekezeka sazungulirako. A Gerishon adatsalira kumaso. Mtima wa Tionge udakhala pansi, kuganiza kuti wapulumuka.

5. M'chikuta

Khandalo lidali lamkazi, ndipo lidabadwa lochepa thupi. Anamwino adalangiza kuti lizikhala pachifuwa pa mayi wake, khungu kukhungu, ndipo lisazizidwe. A Falesi adaitana Tionge pakhomo la chipinda kuti naye amve.

"Achipatala anena, ifenso makolo timanena zomwezo. Mwana uyu satuluka m'chipinda muno mpaka mchombo utagwa. Mphepo isamuombe. Anthu apanjira asamuone, ndipo mwamuna asaponde muno. Anthu ena amati chikuta ndi zachikale, koma ine ndakulererani nonsenu momwemu, ndipo palibe yemwe ndinataya. Khanda lili ngati moto wongokoleza kumene. Umautchinga ndi manja mpaka utagwira nkhuni. Iwe Tionge ntchito yako ndi madzi ndi nkhuni, ndiponso phokoso ayi."

Tionge adasuzumira. Adaona kankhope kakang'ono pachifuwa pa Stelia, timaso tili tseke. Bedi lidali litagunda khoma lija lomwe kunja kwake kudali paipi.

"Ndamva kuti mapaipi unaika ndiwe," adatero Stelia motsitsa mawu. "Wandithandiza, mng'ono wanga. Ndinkada nkhawa ndi mvula."

Mawu amenewa adamulasa Tionge. Tsiku lotsatira atangoweruka ku sukulu, adatenga chitsulo chija ndi nyundo, n'kuzembera kuseri. Adaika chitsulo pa njerwa n'kumenya. Khoma lonse lidanjenjemera, ndipo khanda lidalira m'katimo.

A Falesi adatulukira ali lunguzi kumaso. (Ukali wawo udali wodziwika mudzi wonse.)

"Iwe! Wapenga? Ukufuna kumugonthetsa mwanayu? Kodi paipiyo yatani? Suja unamaliza?"

Apa mpata udalipo. Mawu ochepa chabe akadakwanira, ndipo bedi akadalisunthira kuchipinda china. Koma Tionge adaona nkhope ya amayi ake, n'kukumbukira kumwetulira kwa amalume.

"Palibe, amayi. Ndimangoona ngati yalimba."

"Choka ndi nyundo yakoyo! Udzaona mwana akatuluka m'chikuta."

Tionge adachoka. Kumwamba mitambo idali itada bii.

6. Mgolo wosalira

Mvula idabwera Loweruka masana. Idayamba ndi mphepo yomwe idakutumula masamba a nthochi, kenako idakhuthuka ngati wina wabowola kumwamba. Tionge adali pakhonde akusenda kachewere.

Mgolo wa kumaso udayamba kulira, madzi akugweramo mwamphamvu. Tionge adatchera khutu kuti amve wakuseri. Poyamba udalira nawo. Patapita nthawi udangoti zii.

Adataya mpeni n'kuthamangira kuseri, mvula ikumumenya kumaso. Paipi idali itazuka pakamwa pa gata. Idali itagwera pa nthochi, zogwirira zili lendelende ndi misomali yake. Madzi onse a denga lakuseri ankatuluka pa bowo limodzi, ndipo mphepo inkawakankhira pakhoma. M'mizere ya njerwa munkatuluka matope ofiira, n'kumayenderera pansi ngati phala.

Tionge adanyamula paipi kuti aibwezere. Makwerero adali atabwezedwa kale kwa amalume. Adakwera pa mgolo, adaterereka, adagwa. Adakweranso, madzi akumulowa m'mphuno, koma paipi inkangomupulumuka m'manja.

"Amayi! Madzi akulowa!" Adali mawu a Stelia m'katimo.

Tionge adathamangira m'nyumba. Khoma la chipinda lidali litada ndi chinyezi kuyambira kudenga mpaka pansi, ndipo mng'alu udali ukutsika chapangodya. A Falesi adali akukokera bedi pakati pa chipinda.

"Amayi, tulukani! Khomali ligwa!"

"Titulukire kuti? Mchombo sunagwe! Mvula yonseyi?"

Tionge adatuluka liwiro mpaka tsidya la njira, akukuwa dzina la amalume ake. A Gerishon adabwera opanda nsapato, chikhakha chikunyowa. Adaima pakhomo la chikuta kanthawi kochepa, chifukwa moyo wawo wonse adali asanalowepo m'chipinda chotere. Kenako adaona mng'alu uja, n'kulowa.

"Mlongo wanga, mwambo tidzakonza. Tulutsani mwana pompano!"

Adamufunditsa Stelia bulangete ndi pepala la pulasitiki. Nyumba ya udzu ya a Falesi idali kumunsi kwa bwalo, ndipo bwalolo lidali litasanduka mtsinje. Ali pakati, mphepo idalanda pepala lija. Stelia adawerama kutchinga mwana ndi thupi lake, koma bulangete lidanyowa lonse.

Atangolowa kwa a Falesi, kudamveka chiphokoso kumbuyo. Khoma lakuseri lidali litagwera m'kati, pamwamba pa bedi.

7. Zikhomo zouma

Mvula idakata dzuwa litapendeka. Anthu a pamudzi adabwera kudzaona, manja ali m'chiuno. Ena ankati ndi mphepo, ena ankati Clifford adaumira simenti. Mayi wina adanong'ona kuti paja mkono wa a Gerishon udayamba kale kukalamba.

A Gerishon adatola chogwirira chimodzi m'matope, n'kuyang'ana msomali wake. Udali ndi matope okhaokha. Adatola njerwa, adaitembenuza, adatolanso ina. Padalibe njerwa yobowoka.

Tionge adamva zonong'ona zija, ndipo zidamuwawa kuposa kugwa pa mgolo. Adalowa m'nyumba, adapisa pansi pa chikwama cha mpira, n'kutulutsa kathumba kaja. Adapita pomwe padali amalume ake, adagwada m'matope momwemo anthu akuona, n'kupereka ndi manja awiri.

A Gerishon adamasula kathumbako ndi mano. Zikhomo zonse zidalimo, zouma bwinobwino.

"Sindinakhome, amalume. Chingwenso sindinagwetse. Ndinathamangira mpira. Ndinakunamizani."

A Gerishon adakhala pa mulu wa njerwa, ndipo kwa nthawi yoyamba Tionge adaona kuti amalume akewo ndi munthu wokalamba.

"Mpira si mlandu, Tionge," adatero. "Ukanandiuza kuti amalume ndinapita ku mpira, paipi ili pansi, ndikanakukalipira tsiku limodzi basi. Ndikanaitana munthu, kapena tikanazula gatalo. Ukanawauza amayi ako tsiku lija anakupeza ndi nyundo, bwenzi mwana atagona chipinda china. Ntchito yosatha imaoneka, ndipo aliyense amaipewa. Choopsa ndi ntchito yooneka ngati yatha, chifukwa anthu amagona pansi pake. Ndinakufunsa, iwe n'kuti eya. Ine ndinasenza eya wakoyo n'kukagona naye tulo. Khomali tidzamanga, njerwa zilipo. Koma mawa ukadzandiuza kuti eya, ndidzayamba ndakwera makwerero kukaona ndekha. Chimenecho ndiye chikundiwawa."

Tionge adalira kwambiri. Akadakonda amalume akadamukwapula, koma iwo adangomanga kathumba kaja n'kukaika m'thumba la malaya. Madzi akatayika saoleka.

Ali chigwadire, a Falesi adatuluka m'nyumba ya udzu. Ukali wonse udali utawathera.

"Achimwene, mwana akukana bere. Timapazi tazizira ngati mwala, ndipo akupuma mothamanga."

A Gerishon adaimbira akabaza onse omwe ankawadziwa. Yankho lidali limodzi: msewu ndi matope okhaokha, njinga singakwere. Chotsala chidali kuyenda wapansi mpaka ku chipatala cha Dambe, kudzera njira yachidule yowoloka mtsinje. Stelia adayesa kuimirira, koma miyendo idamukanika. A Falesi mawondo adawavuta kalekale, ndipo a Gerishon mkono udali umodzi.

"Muitaneni Tionge," adatero Stelia.

Tionge adalowa atazyolika. Sadathe kuyang'ana mchemwali wake kumaso.

"Achemwali, ine ndi amene…"

"Ndamva zonse, khoma la nyumba ino ndi lopyapyala. Zimenezo tidzakamba. Vula bulauzi yonyowayo."

Stelia adachotsa khanda pachifuwa pake n'kuliika pachifuwa pa Tionge, khungu kukhungu. Kathupiko kadali kopepuka, kozizira. Adamanga ndi chitenje chouma, adakoka mfundo, adaimasula, n'kumanganso molimba kuposa poyamba.

"Miyendo yanga ukhala iwe," adatero. "Kodi ukafika naye?"

Tionge adatsegula pakamwa kuti anene kuti eya, koma liwulo lidamukanika. Adangogwira kamutu ka mwanayo ndi dzanja lake la matuza, n'kutuluka. A Gerishon adatsogola ndi ndodo. Kumunsi kwa phiri, mtsinje womwe adayenera kuwoloka unkamveka kukokoma.